Mbaula ya induction ikamazima nsima ili pakati

Madandaulo a anthu amene anagula mbaula ya induction amafanana. Mbaula imayamba bwino, madzi n'kuwira msanga kuposa pamakala, koma phala likangoyamba kukhuthala, mthiko uli m'manja, imalira n'kuzima, pagalasi n'kutsala chilembo E kapena F ndi nambala. Ena amati akangoyatsa, breaker ya m'nyumba imagwa. Enanso mbaula yawo inangoti zii tsiku lina magetsi atangobwera kumene, ndipo sinayakenso. Onsewa amati mbaula yafa. Komatu mavutowa ndi osiyana kwambiri, ndipo loyambalo, lomwe ndi lofala kuposa enawo, kawirikawiri si kuwonongeka n'komwe. Mbaulayo imakhala yadzizimitsa dala poopa kupsa. Munthu wosadziwa zimenezi amathamangira nayo kwa mmisiri, mmisiri wachinyengo n'kudula kachipangizo kamene kamaiteteza, ndipo pakapita milungu yochepa imafadi.

Pansi pa galasi lakudalo mulibe elementi yofiira ngati ya pahotipuleti. Muli koyilo yathyathyathya ya waya wamkuwa, wopotedwa kuchokera ku timawaya tambirimbiri, kalikonse kokutidwa pakokha. Magetsi a m'nyumba zathu, a 230 V, amapita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Mbaula imayamba yawawongola kuti aziyenda njira imodzi, pogwiritsa ntchito kachipangizo kamiyendo inayi kotchedwa bridge rectifier, ndipo pamenepo mphamvu yawo imafika cha m'ma 325 V. Kenako thiranzisita yamphamvu yotchedwa IGBT imawayatsa ndi kuwazimitsa maulendo oposa 20,000 pa sekondi, liwiro limene khutu la munthu silimva, n'kumawaponya m'koyilo muja. Koyiloyo imatulutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha mofulumira chomwecho. Mphamvuyo imadutsa galasi osalitenthetsa, n'kukadzutsa magetsi ozungulirazungulira m'chitsulo cha pathako pa poto. Chitsulocho chimawakaniza kuyenda, ndipo kukanizako ndiye kutentha kumene timaphikira. Mfundo yake anaitulukira ndi Michael Faraday mu 1831, koma inafika m'khitchini cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene kampani ya Westinghouse ku America inayamba kugulitsa mbaula zotere. Zinali zodula kwambiri. Zatsika mtengo mpaka kufika m'misika yathu chifukwa mathiranzisita opirira mphamvu yaikulu chonchi anatchipa.

Ndiye kutentha kumene kumazimitsa mbaula yopanda moto kumachokera kuti? Kumachokera mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse ili ndi sensa yakeyake, kachipangizo komva kutentha. Kuzindikira kuti ndi sensa iti imene ikudandaula ndi theka la ntchito yonse.

Kutentha koyamba kumabwerera kuchokera ku poto. Pakatikati pa koyilo pali kasensa kakang'ono, kokhala pamphira wofewa amene amakakankhira kugalasi, kopakidwa phala loyera lothandiza kutentha kudutsa. Ntchito yake ndi kumva kutentha kwa thako la poto kudzera m'galasi. Mukamawiritsa madzi, kasensaka sikavutika, chifukwa madzi amayendayenda m'poto n'kumachotsa kutentha pachitsulo, ndipo chitsulo sichipitirira kwambiri madigiri 100. Nsima ndi nkhani ina. Ufa ukachuluka, zamkatizo zimaleka kuyenda zokha. Pansi pamayamba kupangika nkhoko, ndipo nkhokozo zimatchinga kutentha kuti kusakwere m'mwamba. Mbaula ikadali pa mawati 2,000, mphamvu yonseyo imaunjikana m'kachitsulo kopyapyala, thako la poto limatentha mofulumira, galasi nalo n'kutsatira, sensa n'kulamula kuti zimitsani. Palibe chawonongeka apa. Ikani mphamvu yonse powiritsa madzi, koma mukayamba kuthira ufa tsitsani kufika cha pakati, ndipo povundula mutsitsenso. Poto wa thako lokhuthala amathandiza kwambiri chifukwa amamwaza kutenthako m'malo moti kuunjikane pabwalo limodzi. Zomwezi zimachitika mukasiya chiwaya chopanda kanthu pambaula, kapena mukamakazinga mtedza, kapena mukamaphika tchipisi m'mafuta ochepa.

Palinso vuto lotembenuka, loopsa kuposa lija chifukwa silionetsa chizindikiro. Poto wopindika, amene pakati pake panakwera m'mwamba, sakhudza galasi pamalo pomwe pali sensa. Sensa imamva kuti zinthu zili bwino pamene mafuta m'poto akufuka utsi. Tembenuzani poto, muike rula pathako pake, muone ngati kuwala kukudutsa pakati. Mpata waukulu ukaoneka, ameneyo mubwezereni kumakala.

Nkhani ya mapoto tiimalize pomwepa, chifukwa ndi imene imabweza mbaula zambiri kusitolo popanda chifukwa. Mapoto a aluminiyamu, omwe ali pafupifupi m'khitchini iliyonse, kuphatikizapo okhuthala aja osungunula kumsika, sagwira ntchito pambaula za induction wamba. Mphika wadothi ndiye osanena. Mbaula imafufuza poto potumiza timphamvu tating'ono m'koyilo, ndipo ikapanda kumupeza imalira kwa kanthawi n'kuzima. Tengani maginito, kaya a m'sipikala yakale kapena a pachitseko cha firiji, muwagunditse pathako pa poto. Akamata mwamphamvu, poto ndi woyenera. Mapoto ena a stainless steel amakana maginito, makamaka olembedwa 18/10 opanda thako lapadera, pamene ena amalola, choncho musadalire maonekedwe. Ovuta kwenikweni ndi amene maginito amangomata mwaulesi, monga a aluminiyamu omatidwa kambale kachitsulo kopyapyala kokhala ndi timabowo. Amaphika ndithu, koma koyilo imakakamizika kunyamula magetsi ambiri kuti itulutse kutentha komweko, ndipo m'kati mwa mbaula mumatentha msanga. Mbale zachitsulo zimene amagulitsa zoti muziyala pansi pa poto wa aluminiyamu sindizikonda. Mbaleyo imatentha kwambiri kuposa mmene poto akanatenthera, yagona pagalasi penipeni pamwamba pa sensa, ndiye mbaula imangokhalira kuzima, ndipo phindu la kusunga mayunitsi limene munagulira mbaulayo limapita.

Kutentha kwachiwiri ndi kwa m'mimba mwa mbaula momwe. Bungwe la Energy Star ku America limati mbaula ya induction imafikitsa ku chakudya pafupifupi magawo 85 pa 100 a mphamvu imene imatenga, pamene ya gasi imafikitsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. N'zopatsa chidwi, koma ganizirani zotsalazo. Ngakhale magawo 5 okha pa 100 atatsalira m'zipangizo, pa mawati 2,000 amenewo ndi mawati 100 otentha m'kabokosi kapulasitiki kothina. IGBT ndi bridge rectifier zimamangidwa ndi masikuluu pachitsulo cha aluminiyamu chamizeremizere, chimene amisiri amati heatsink, ndipo pambali pake pali fani imene imakoka mpweya kuchokera pansi n'kuutulutsira kumbuyo kapena m'mbali. Pachitsulo chomwecho pamakhala sensa yachiwiri. Mpweya ukachepa, chitsulo chimatentha, mbaula imayamba yadzitsitsa mphamvu mwakachetechete, ndipo zikapitirira imazima.

Zimene zimatseka mpweyawo n'zapafupi kwambiri moti anthu saziganizira. Nsalu ya patebulo kapena pulasitiki yoyala imakokedwa ndi fani n'kumata pamabowo a pansi. Ena amayala nyuzipepala kuti msuzi usadetse tebulo. Ena amakankhira mbaula kukhoma mpaka mpweya wotentha umene watuluka umabwereranso m'kati. Ndiye pali zinyalala zounjikana pang'onopang'ono: nthunzi ya mafuta imamata pamapiko a fani ndi m'mizere ya heatsink, fumbi la m'chilimwe ndi ufa wouluka zimamatirira pamafutapo, ndipo pakatha miyezi pamakhala chikhakha chonga thonje lakuda. Mphemvu nazo zimakonda m'menemo chifukwa ndi mofunda ndi mwamdima. Zimaikira mazira pansi pa bolodi limene pamamatidwa zipangizo zamagetsi, ndowe zake zimadya timizere tamkuwa, ndipo mphemvu imodzi ikagunda miyendo iwiri ya IGBT nthawi imodzi, imafa limodzi ndi thiranzisitayo. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Fani imaziziritsa ndi mpweya umene yaupeza. Mbaula yomwe imaphika nyemba mpaka kupsa ku Dedza mu June ikhoza kumazimira panjira ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu October, kunja kutadutsa madigiri 40, m'khitchini yamalata yopanda siling'i.

Chizolowezi china chimene chimafupikitsa moyo wa mbaulazi chimachokera ku mtima wabwino. Munthu akangopula poto amazimitsa pasoketi kapena kuzula pulagi, pofuna kusunga mayunitsi kapena poopa kuti magetsi angabwere molakwika. Koma mvetserani: mukazimitsa mbaula pabatani lake, fani imapitiriza kuzungulira kwa mphindi imodzi kapena zingapo. Ikuchotsa kutentha kotsala m'koyilo, m'heatsink ndi pansi pa galasi. Mukaidula magetsi, kutenthako kumakhazikika pamakapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, ndipo makapasita ophikidwa tsiku ndi tsiku amafooka. Dikirani fani ikhale chete, kenako zulani.

Mbaula zazikulu zolowetsa m'kabati ya m'khitchini zimavutika ndi zomwezi, kungoti mabowo ake saoneka. Kalipentala akadula thabwa osasiya mpata umene buku la mbaula lanena, mpweya ulibe kolowera. Pansi pake pakakhala uvuni, kuphika pamwamba uku mukuwotcha buledi kumatanthauza kuti fani ikukoka mpweya wotentha kale. Ndipo dirowa ya pansi pa mbaula, imene mwachibadwa imadzaza ndi majumbo ndi tinsalu topukutira mbale, ndi malo oyamba kuyang'ana.

Nthawi imene mbaula imazimira imaulula zambiri kuposa nambala ya pagalasi. Ikamaphika bwino kwa mphindi 10 kapena 20, n'kuzima, kenako n'kuyakanso ikazizira, vuto ndi kutentha kwenikweni, ndipo muyang'ane poto, mpweya ndi fani. Ikani khutu: fani yabwino imayamba msanga n'kumalira mosalala. Yokhwekhwereza, yochedwa kunyamuka, kapena yofuna kuikankha ndi kamtengo kuti iyambe, yatha. Koma mbaula ikaonetsa chizindikiro cha kutentha m'mawa, ili yozizira, musanaikepo n'komwe poto, ndiye kuti sensa yeniyeniyo yafa, kapena waya wake waduka kapena wasomoka pabolodi. Yabwino kwambiri imeneyo, chifukwa sensa ndi imodzi mwa zinthu zotchipa kwambiri m'mbaula monse.

Manambalawo musawakhulupirire mwachimbulimbuli. Palibe lamulo limene limakakamiza makampani kugwiritsa ntchito zizindikiro zofanana, ndipo E3 ya kampani ina ikhoza kutanthauza magetsi okwera pamene ya ina ikunena za sensa. Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa chowerenga pa intaneti tanthauzo la mbaula ina. Buku la mbaula yanuyo ndilo lodalirika. Makampani ena amafotokoza bwino ndithu. Pambaula zambiri za Bosch, Siemens ndi Neff, F2 imatanthauza kuti zipangizo zamkati zatentha ndipo malo amodzi ophikira azimitsidwa, F4 imatanthauza kuti onse azimitsidwa pachifukwa chomwecho, F5 imachenjeza kuti poto wotentha wayandikira mabatani, ndipo F8 imangonena kuti malowo akhala akuyaka nthawi yaitali popanda wowakhudza. Chilembo H si vuto, chikungokuuzani kuti galasi likadali lotentha. Mabatani akamalira okha kapena kukana chala, pukutani kaye. Dontho la madzi kapena la phala pamalo okhudza limaoneka ngati chala kwa mbaulayo.

Tsopano magetsi, omwe ndi amene amapha mbaula zenizeni. Mbaula zazing'ono za malo amodzi, zomwe zadzaza m'masitolo, zambiri zimapangidwa m'njira yotchipa yogwiritsa ntchito IGBT imodzi yokha. Koyilo imagwira ntchito limodzi ndi kapasita ina, ya 0.27 kapena 0.33 µF, ndipo ziwirizi zimaponyerana mphamvu ngati katungwe. IGBT ndiye wokankha: imakankha pang'ono, n'kusiya katungwe apite yekha, n'kudikira abwerere pamalo oyenera isanakankhenso. Pamene katungweyo ali pamwamba, mphamvu yogwera pa IGBT imatha kufika pafupi ndi 1,000 V, chonsecho thiranzisita zambiri zoikidwa m'menemo zimapirira 1,200 V basi. Mpata wake ndi wochepa. Magetsi a m'nyumba akalumpha mwadzidzidzi, nsonga ija imalumphanso, n'kuboola thiranzisita m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Mumamva kuti phu, mwina ndi kafungo, basi.

Kulumpha kotere kumachitika kwambiri magetsi akamabwerera pambuyo pothima, ndiponso nthawi ya mphezi m'dzinja. N'chifukwa chake magetsi akathima muli pakati pophika, chanzeru n'kuzimitsa pasoketi, ndipo akabwera mudikire mphindi zochepa musanayatse. Tizipangizo todikiritsa magetsi timene anthu amaika pafiriji timathandizanso apa, bola kakhale kopirira maampu 13, chifukwa tambiri ta firiji ndi tating'ono ndipo timasungunuka. Choopsa kuposa zonse ndi kuduka kwa waya wa neutral, umene magetsi amabwererapo, panja, kaya waduka wokha kapena wabedwa pathiransifoma. Zikatero nyumba zina zimalandira magetsi ofooka, zina okwera kulowera ku 400 V. Mukaona mababu a m'nyumba zina akuwala mopitirira muyeso pamene a m'nyumba zina akuzirala, zimitsani main switch ndipo muimbire a ESCOM, musayese kuphika. Magetsi otsika, omwe ndi ofala madzulo m'makwalala odzaza anthu aliyense akamaphika, sapha mbaula msanga. Imangoonetsa chizindikiro n'kukana, kapena kumadukizadukiza. Ikamavuta cha m'ma 6 koloko madzulo pokha n'kumagwira bwino m'mawa, yezetsani magetsi a pasoketi musanaimbe mlandu mbaula. Jenereta yaing'ono nayo ndi mdani. Mbaula ikadzizimitsa kapena mukanyamula poto, katundu wa mawati 2,000 amachoka kamodzin'kamodzi, injini imathamanga, magetsi n'kukwera. Invata ya sola iyenera kukhala ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, ndi yamphamvu yokwanira, apo ayi chimodzi mwa ziwirizo chipsa.

Nthawi zambiri fungo la pulasitiki yopsa silichokera m'mbaula ayi. Mbaula ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9 mosalekeza. Pulagi yathu yamano atatu ili ndi fyuzi ya maampu 13, ndiye payokha imakwanitsa, koma ekisitenshoni yotchipa ya timawaya towonda siikwanitsa, ndipo soketi yokhwepa imathetheka m'kati. Mukatha kuphika, gwirani pulagi. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino. Ikatentha moti simungaigwire, kapena dzino limodzi likada n'kusungunula pulasitiki yozungulira, sinthani pulagi ndi soketi zonse ziwiri, chifukwa kusintha chimodzi chokha kumangowonongetsa chatsopanocho. Mbaula zambiri zobwera kuchokera ku South Africa kapena ku China zimafika ndi pulagi yamano ozungulira, anthu n'kumaisomeka pa adaputa yogwedera. Dulani pulagiyo muike yoyenera. Mbaula yaikulu ya malo anayi imafika mawati oposa 7,000, ndipo imeneyo siilowa pasoketi. Imafuna mzere wakewake kuchokera pabokosi la mabreaker, kawirikawiri breaker ya maampu 32 ndi waya wa 6 mm², womangidwa ndi mmisiri wa chiphaso cha MERA. Kumbuyo kwake kumakhala timilatho tamkuwa tofunika kulumikiza mosiyana malinga ndi magetsi a nyumbayo, ndipo wolakwitsa pamenepo amatha kuipatsa 400 V pamalo a 230. Mbaula za Bosch zimalemba U400 zikakumana ndi zoterezi. Masikuluu a pamalo olumikizirawo amakhwepanso pakapita zaka, ndipo waya wokhwepa amapsa pang'onopang'ono mpaka mbali imodzi ya mbaula kuleka kuyaka.

Breaker ikamagwa, onani kuti ikugwa ndi iti. Yaing'ono ya mzere wa masoketi ikagwa pakapita mphindi zingapo, ketulo ndi ayironi zilinso pamzere womwewo, ndiye kuti katundu wachuluka chabe. Ikagwa nthawi yomweyo ndi phokoso mukangosomeka pulagi, m'mbaula muli shoti, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi IGBT kapena bridge rectifier. Musaikweze kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa ulendo uliwonse mukuotcha zina zimene zinapulumuka. Koma ikagwa ija ya earth leakage, yokhala ndi kabatani koyesera ndipo yolembedwa 30 mA, magetsi akuthawira ku earth, kutanthauza kuti akutayikira pansi m'malo moyenda m'njira yake. Kawirikawiri ndi chinyezi: mkaka kapena phala losefukira limene lalowa m'mphepete mwa galasi, kapena mng'alu. Zulani, muisiye iume kwa tsiku lathunthu pamalo opita mphepo. Ikapitiriza, ndi ya mmisiri.

Zonse tanenazi mwini mbaula angazichite osamasula sikuluu. Kutsegula ndi nkhani ina. Ngati mbaula ikadali pa waranti, kutsegula kumaithetsa. Ndipo kuzula pulagi sikutanthauza kuti m'kati mulibe magetsi, chifukwa makapasita amatha kusunga mazana a mavolti kwa kanthawi. Heatsink nayo m'mbaula zambiri imakhala ndi magetsi mbaula ikayaka, ndipo bolodi lonse, ngakhale mbali ya 5 V ya mabatani, silinalekanitsidwe ndi magetsi a m'khoma. Woyenera kutsegula ndi amene ali ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, akudziwa kuyeza ngati kapasita yatha mphamvu, ndipo akudziwa kuitsitsa kudzera pa resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, osati kugunditsa sikuludiraiva.

Zimene mmisiri wabwino amachita n'zoyenera kuzidziwa ngakhale inu simudzagwira chowotcherera, chifukwa ndi mmene mungasiyanitsire wodziwa ndi wongoyerekeza. Pa vuto la kutentha amayamba ndi bulashi ndi mpweya, kuchotsa chikhakha chija. Amayesa fani, yomwe m'mbaula zazing'ono zambiri ndi ya 18 V. Amayeza masensa onse awiri: ambiri amaonetsa pafupifupi ma ohm 100,000 pa madigiri 25, ndipo nambalayo iyenera kutsika mukafunditsa sensa ndi zala, mpaka kufika cha m'ma 7,000 pa kutentha kwa madzi owira. Yoonetsa ziro kapena yosaonetsa kanthu yafa. Amachotsa phala loyera louma lija, pansi pa galasi ndi kuseri kwa IGBT, n'kupaka latsopano mopyapyala. Amayang'ananso koyilo. Waya wake ukada kapena vanishi ikasweka, zingwe zoyandikana zimagundana, ndipo imeneyo ndi yosintha. Chimene sachita ndi kuchotsa sensa n'kuikapo resistor yonamiza mbaula kuti kukuzizira nthawi zonse. Chinyengo chimenechi chilipo, chimagwiradi ntchito tsiku limenelo, kasitomala n'kupita akumwetulira, koma mbaula yoteroyo ilibenso chilichonse choiletsa kuyatsa mafuta kapena kusungunula bokosi lake.

Pa mbaula yongoti zii, fyuzi ya pabolodi ndiyo yoyamba kuona. Ikakhala yabwino koma magetsi a pagalasi osayaka, vuto lili m'kagawo kakang'ono kopanga 18 V ndi 5 V, komwe nthawi zambiri kamayendetsedwa ndi kachipangizo kamiyendo isanu ndi itatu monga VIPer12A. Resistor yolowera kumeneko imapsa, kapena timakapasita timatupa pamutu. Koma fyuzi ikakhala yakuda m'kati, sinapse yokha. Kumangapo waya m'malo mwake, monga ena amachitira, n'kuchotsa chitetezo chomaliza shoti ikadalipo. Mmisiri amayeza IGBT, ndipo ikakhala yofa, mita imalira akaigunditsa pamiyendo yake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasintha IGBT yokha, n'kuyatsa, yatsopanoyo n'kuphulikanso pomwepo kapena mawa lake. Funso loyenera ndi lakuti inafa chifukwa chiyani. Tibwerere kukatungwe. Kapasita yogwira ntchito ndi koyilo ija ikafooka, katungwe amabwerera msanga kuposa kale ndipo amakwera kwambiri, ndiye thiranzisita iliyonse yoikidwapo idzafa imfa yomweyo. Kapasita ina yaikulu, ya 5 µF, imene imasalaza magetsi, nayo imafooka mwakachetechete osatupa, ndipo imadziwika poiyeza basi. IGBT ikamafa imakonda kupita ndi anzake: bridge rectifier, timathiranzisita tiwiri toiyendetsa, kawirikawiri 8050 ndi 8550, ndi zener ya 18 V, kachipangizo koletsa magetsi kupitirira mlingo, ya pamwendo wake wolandirira lamulo. Zonsezi ziyenera kuyezedwa. Pabolodi pamakhalanso maresistor akuluakulu amene amauza kachipangizo ka LM339 nthawi yoyenera kukankha. Amodzi akasintha mlingo, IGBT imakankha panthawi yolakwika n'kutentha.

Akamaliza, wodziwa ntchito sayatsa mwachindunji. Amalumikiza babu lakale lija la mawati 100 panjira ya magetsi olowa. Shoti ikadalipo, babu limawala kwambiri n'kutenga mphamvu yonse, zipangizo zatsopano n'kupulumuka. Likangothwanima n'kuzirala, fani n'kuzungulira, manambala n'kuoneka, ndiye amachotsa babulo n'kuyesa ndi poto wa madzi, kuyambira pamphamvu yotsika. IGBT zabodza nazo zadzaza pamsika, zolembedwa FGA25N120 kapena H20R1203 pamwamba koma m'kati muli kanthu kakang'ono kosapirira. Amisiri ambiri amakhulupirira yochotsa m'mbaula ina yakufa ndi vuto lina kuposa yatsopano yosadziwika kochokera, ndipo sindiwatsutsa.

Mbaula zazikulu zimakonzedwa mosiyana. Zambiri zili ndi mabolodi awiri amphamvu, lililonse loyendetsa malo awiri, n'chifukwa chake mbali yonse ya kumanzere imatha kufa ya kumanja ili bwino, ndiponso n'chifukwa chake kuika malo amodzi pa boost, mphamvu yapamwamba kwambiri, kumatsitsa mphamvu ya anzake a mbali yomweyo, zomwe ena amaziyesa kuwonongeka. Makampani amagulitsa bolodi lathunthu, ndipo mtengo wake, kuphatikiza kuitanitsa kunja, umatha kuyandikira wa mbaula yatsopano. Funsani mtengo ntchito isanayambe, ndipo mupemphe kuti zochotsedwazo akubwezereni.

Galasi losweka lokha ndiye lilibe zokambirana. Ngakhale mng'alu ukhale wowonda ngati tsitsi ndipo mbaula ikuphika bwinobwino, msuzi umatsika momwemo n'kukagwera pakoyilo imene ili ndi magetsi a mazana a mavolti, poto wachitsulo ali pamwamba, dzanja lanu lili pachigwiriro. Guluu ndi silikoni sizipirira kutentha kwa pamenepo, ndipo galasi wamba la pazenera limaphulika likangotentha, chifukwa la mbaula ndi lamtundu wina, losatanuka ndi kutentha. Pambaula yaikulu galasi lolowa m'malo limapezeka potchula nambala ya mtundu wake. Payaing'ono nthawi zambiri silipezeka, ndiye igulitseni kwa mmisiri achotsemo fani, koyilo ndi bolodi.